Msonkho Umene Unandipezera Ankhoswe

Ndinakhala ndi mwamuna zaka khumi ndi chimodzi popanda ankhoswe. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wofuna kundiweruza andiweruziretu, kenaka amve nkhani yonse mtima uli m'malo. Kwathu ku Dedza amati tinangolowana. Kuno ku Joni ali ndi mawu awo ochokera ku Chibunu: polemba amalemba vat en sit, potchula amati fatenisiti, pakuti Mabunu chilembo cha v amachitchula ngati f. Tanthauzo lake ndi lakuti tenga ukhale, ngati mkazi ndi mpando wa pulasitiki. Amalawi anzathu safuna kutopetsa lilime, amangoti awo ali pa fati.

Tinkakhala ku Vosloorus, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chisuthu, amene tinkamutchula kuti mastandi monga amatchulidwira eni nyumba onse kuno. Mwamunayo ndiziti bambo, chifukwa ndi mmene ndimawaitanira. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo: mageti, zotchingira mazenera, mbaula zowotchera nyama. Ndi munthu wabwino, samwa, samenya, ndipo chitsulo akachigwira chimamvera. Koma ndikangotchula za ankhoswe, ankakumbukira kuti pali chitsulo china chofunika kudula nthawi yomweyo, n'kutuluka kukayatsa makina awo aphokoso. Ndinafunsa kanayi m'zaka zonsezo, ndipo kanayi konse anatuluka panja.

Zinkandiwawa, ndisaname. Ku tchalitchi kwathu, komwe ndi galaja ya munthu yopakidwa laimu, ndinkakhala benchi ya kumbuyo. Mgonero sindinkadya, bulauzi yoyera ya amayi a mpingo sindinkavala, koma akafuna wophika pa msonkhano dzina langa linkabwera loyamba. Pakhoma panali chinsalu cholembedwa ndi zilembo zofiira kuti VAT EN SIT NDI TCHIMO, ndipo ndikakhala pansi chinkandiyang'ana m'maso mapemphero onse. Choposa zonse chinachitika tsiku limene tinkalembetsa ku gulu lathu la maliro, lija timasonkha kuti wina akamwalira thupi lipite kumudzi. Mlembi anafunsa bambo kuti ine ndine ndani wawo. Iwo anakanda m'mutu n'kunena kuti timakhala limodzi. Mphemvu nazonso timakhala nazo limodzi. Ndinabwerera kunyumba, ndipo tsiku limenelo sindinaphike.

Ndiye chaka china mwayi unawagwera bambo. Fakitale ina ya ku Alrode inkafuna mashelefu a zitsulo ambirimbiri, ndipo kapitawo wake anaona geti limene bambo anapanga n'kulikonda. Anawapatsa fomu yoti adzaze, akaibweze ku ofesi Lolemba lomaliza la mweziwo. Anabwera nayo dzuwa likupendeka, ataivindikira m'pulasitiki kuti isade. Anasamba m'manja kawiri, anakhala pa bedi, n'kuyamba kuwerenga Chingerezicho ndi chala, mzere ndi mzere. Atafika pakati chala chinaima.

"Mayi, atidziwa," anatero.

"Atidziwa ndani?"

"A ku fakitale. Taonani apa."

Ndinasuzumira. Panali zilembo zitatu zikuluzikulu, V, A, T. Mzerewo unkafunsa ngati munthu analembetsa, inde kapena ayi, ndipo pansi pake panali timabokosi tolembamo nambala.

"Fati," anatero bambo motsitsa mawu kuti mastandi asamve. "Musaiwale kuti kuno v ndi f. Akufunsa ngati fati yathuyi tinakailembetsa. Azungu amenewa ndi opemphera, sapereka ntchito kwa anthu olowana."

Apa ndiyenera kuulula. Ine vati ndinkaidziwa bwino lomwe. Masiku atatu pa sabata ndimasesa ndi kukolopa mu ofesi ina yaing'ono ku Alberton, ya anthu olembera mabizinezi mabuku a ndalama. Munthu ukamakolopa pansi pa matebulo a anthu kwa zaka zambiri, umaphunzira zimene sunalipire sukulu. Ndinkadziwa kuti vati ndi msonkho umene boma limawonjezera pa mtengo wa katundu, kuti wamalonda wolembetsa amautolera kwa ogula n'kukaupereka, ndiponso kuti miyezi iwiri iliyonse tsiku lopereka likayandikira mabwana anga amasiya kulonjera anthu, khofi amamwa ataimirira. Ndinkadziwanso chinthu chachikulu koposa: kabizinezi kakang'ono ngati ka bambo, kosafika pa mlingo umene boma linaika, sikakakamizidwa kulembetsa. Yankho loyenera pa fomupo linali kachizindikiro kamodzi pa ayi. Basi. Ntchito akanaipeza.

Wina afunsa kuti munthu wamkulu angakhale bwanji ku Joni zaka zonsezi osadziwa vati. Bambo zitsulo amagula kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndalama pamanja. Sopo ndi mchere ndimagula ndine. Risiti akapatsidwa amapukutira mafuta m'manja. Msonkho amaudziwa ndi dzina lake loti msonkho, koma zilembo zitatu zija malo okhawo amene ankaziwerenga sabata iliyonse anali pakhoma la tchalitchi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula. Koma bambo anandiphula mawu m'kamwa.

"Palibe kuchitira mwina," anatero. "Muwaimbire atsibweni anu. Tipange chinkhoswe mwezi uno."

Pakamwa paja ndinatseka. Ndinapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo ndinathira shuga masupuni anayi mu kapu ya munthu amene samwa shuga. Mumtima ndinati, zimene ndalephera ine m'zaka khumi ndi chimodzi, fomu yazitha m'mphindi zitatu. Ndinakondwa, komanso ndinakwiya kwambiri.

Mmawa wake bambo anaimbira foni ku ofesi ya fakitale kuti amve zambiri. Anayankha mayi wina wa Chizulu amene amasunga mapepala a ogulitsa katundu kumeneko. Bambo Chizulu chawo ndi cha pa siteji ya matakisi, Chingerezi chawo ndi cha pa zitini za penti, ndiye anasakaniza ziwirizi n'kufunsa funso limodzi lokha: munthu akalembetsa, chimatsatira n'chiyani? Mayiyo anayankha chimene anafunsidwa. Madzulo ndikuchokera ku ntchito ndinawapeza atakhala pa ndowa panja, nkhope ili ngati ya munthu wochokera kwa dokotala.

"Dziko lino ndi lokhwima," anatero. "Akuti ukalembetsa, miyezi iwiri iliyonse uyenera kupereka lipoti ku boma."

"Lipoti la chiyani?"

"La zolowa ndi zotuluka. Ine ndamuuza kuti kwa ine zotuluka palibe, sindine munthu woyendayenda. Iye akuti ngakhale palibe, lipoti lipite ndithu, ulembe kuti palibe. Ukachedwa, chindapusa."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, mpaka kumva kukoma kwa magazi.

"Akutinso mapepala ake usunge zaka zisanu. Zaka zisanu zokha, mayi. Kwathu ukwati ndi mpaka imfa, kuno akuuyesa layisensi ya galimoto."

Kuseka kunali pafupi kundiphulitsa, koma mawu otsatira anakuzimitsa. Anati mayi uja anawafunsanso ngati akulembetsa mwa kufuna kwawo kapena mokakamizidwa, pakuti mitundu yake ilipo iwiri.

"Ndiye munayankha kuti chiyani?" ndinafunsa.

"Mokakamizidwa. Nanga ndiname?"

Anayankha mosalakwa ngati mwana, osadziwa n'komwe kuti andibaya. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala zimene ndinali nditapinda kale. Walira mvula walira matope, ndipo anga anali atayamba kufika m'mawondo.

Sabata yachiwiri tinapita ku sitolo yaikulu kukagula mpunga, mafuta ndi zakumwa za pa chinkhoswe. Pa moyo wawo wonse, tsiku limenelo ndi limene bambo anasankha kuwerenga risiti. Anaima pakhomo pa sitolo, anthu akuwagunda ndi matilole, chala chikutsika pa kapepala. Pansi penipeni anapeza zilembo zitatu zija, ndi ndalama pambali pake.

Anabwerera kwa mtsikana wa pa makina olipirira. "Sisi, wadziwa bwanji?"

"Kudziwa chiyani, baba?"

"Kuti ife tili pa fati. Watidula chindapusa apa."

Mtsikanayo anayang'ana risiti, anayang'ana bambo, anayang'ana mzere wa anthu kumbuyo. "Ndi ya wonke umuntu, baba. Aliyense amalipira."

Bambo anatuluka pang'onopang'ono. Panjira anandiuza kuti sankadziwa kuti zinthu zinaipa chonchi, kuti dziko lonse la Joni, azungu ndi akuda omwe, palibe amene anapanga ukwati wolongosoka. Atafika kunyumba anaunikanso risiti ija bwinobwino n'kuona kuti pa ufa, pa mpunga ndi pa buledi wa bulauni chindapusacho panalibe, koma pa sopo, pa zakumwa ndi pa buledi woyera chinalipo. Anaganiza kwa nthawi, kenaka anati boma lili ndi chifundo ndithu: wochimwa likumulola kudya, koma kusamba ndi kusangalala ayi. Kuyambira tsiku limenelo buledi woyera analetsa m'nyumba mwathu mpaka tidzalongosoke.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Loweruka lotsatira anapita kukakonza geti kwa mkulu wa mpingo wathu, bambo wa imvi amene anapachika chinsalu chija ndi manja ake. Pa tebulo la m'khonde panali risiti ya ku sitolo. Bambo anaiwerenga, n'kupezamo zilembo zitatu zomwezo. Anabwera kunyumba akuyenda mwa liwiro, anatseka chitseko, n'kundinong'oneza kuti akulu a mpingo nawonso ali pa fati, zaka makumi atatu akunamiza nkhosa. Ndinawagwira mkono n'kuwapempha m'dzina la Mulungu kuti asauze munthu. Analonjeza, koma Lamulungu akulu aja akulalikira za chiyero cha banja, bambo ankapukusa mutu mowamvera chisoni, ndipo potuluka anawagwira paphewa n'kuwauza kuti, "Limbani mtima, tonse ndife ofooka." Akulu aja anathokoza, koma ndinaona kuti usiku umenewo sakagona bwino.

Ine ndinali pa moto. Ku ntchito ndikakolopa pafupi ndi makabati odzaza ndi mainvoisi a anthu, mapepala aja olipiritsira katundu, ndinkamva ngati mapepala onsewo akundiloza chala. Kawiri ndinatsimikiza kuti lero ndikanena. Ndikafika kunyumba ndinkapeza bambo agula khasu latsopano loti akapereke pa mwambo, kapena akuyesa jekete pagalasi, kapena akukangana pa foni ndi amalume awo za tsiku. Ndinali ndisanawaonepo akundithamangira chonchi. Ndinkadziwa kuti akuthamangira mashelefu, komabe ndinkafuna kuonerera pang'ono pokha. Ndinkati ndinena mawa.

Chinkhoswe chinachitika Loweruka masana pabwalo pa mastandi. Ankhoswe enieni anali kumudzi, ndiye tinawaika pa foni ziwiri za kanema, imodzi itatsamira botolo la mafuta ophikira, ina itatsamira nyundo, pa tebulo lowotchererapo zitsulo. Atsibweni anga anakwera pa chulu kufuna netiweki, moti ife tinkangoona mphuno yawo ndi mitambo. Tambala ndi thadzi tinakagula m'mbali mwa msewu ku Dukathole. Akulu a mpingo anaimirira mbali ya bambo, mayi wina wa kwathu anaimirira mbali yanga.

Itakwana nthawi yobisa mkwatibwi, amayi atatu tinafunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi kuti akuchimuna aloze wawo. Mastandi anakakamira kuti akhale mmodzi wa atatufe, pakuti bwalo ndi lake. Mayi ameneyu ndi wamkulu ngati ine kawiri. Chithunzi pa foni chinauma nthawi yomweyo, ndipo amalume a bambo, poopa kuoneka osadziwa, analoza molimba mtima n'kunena kuti ndi amene wakhala pakatiyo. Anavundukula, n'kupeza mastandi akuseka mano onse panja, akunena m'Chisuthu kuti wavomera, bola lendi isasinthe. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Inenso ndinaseka m'kati mwa chitenje, koma misozi imene inkatsika sinali ya kuseka yokha.

Atandivundukula, atsibweni anafuula kuchokera pa chulu paja kuti ali ndi funso. "Mkamwini, zaka khumi ndi chimodzi mwakhala chete. Lero chakuthamangitsani n'chiyani?"

"Boma la kuno, atsibweni," anatero bambo mwaulemu. "Silisekerera."

"Boma limenelo ndi labwino," anatero atsibweni. "Mutibwerekeko mwezi umodzi, kuno tili nawo ambiri."

Tinasinthana nkhuku, tinalandira malangizo, tinadya. Ndinali ndi ankhoswe tsopano. Kunatsala kudalitsa ukwati ku tchalitchi. Abusa anali atalengeza kale ukwatiwo kawiri, ndipo anakonza kuti Lamulungu la sabata yotsatira alengeze kachitatu n'kudalitsa tsiku lomwelo. Koma Lolemba la fomu lija linali pakati. Bambo anapempha abusa kalata yotsimikiza kuti chinkhoswe chachitika ndipo ukwati uli m'njira. Abusa analemba, anadinda chidindo, n'kuikapo nambala ya tsamba la m'kaundula wa mpingo. Nambala imeneyo bambo anaikopera mosamala m'timabokosi ta pa fomu, n'kuchonga pa inde.

"Mawa tipitire limodzi," anatero Lamulungu madzulo. "Mwina afuna kuona umboni."

Umboniwo ndinali ine. Ndinavala chitenje chatsopano n'kukwera nawo takisi ya ku Alrode. Njira yonse ndinkapemphera kuti magetsi azime, ofesi itsekedwe, kapena mayi uja adwale chimfine. Tinatsika pakati pa mafakitale, kumene mpweya umanunkha penti ndi mphira wopsa, malole akulowa ndi kutuluka. Mlonda anatilembetsa m'buku n'kutilozera chitseko.

Mayi wa pa ofesi anali wa msinkhu wanga, wovala magalasi a unyolo. Analandira fomu, anaiwerenga mofulumira, n'kuima pa timabokosi.

"Baba, nambala ya vati imakhala ndi manambala khumi. Yanu ili ndi awiri."

"Mpingo wathu ndi waung'ono," anatero bambo.

"Mpingo?"

Bambo anatulutsa kalata ya abusa m'pulasitiki n'kuipereka ndi manja awiri. Kenaka anandiloza ine. "Ndi uyu. Tinali pa fati, sindikana. Koma manje talungisa, zonse takonza tsopano. Ankhoswe alipo, nkhuku tinapereka, Sande akudalitsa. Lipoti la miyezi iwiri tizipereka, sitidzachedwa."

Mayi uja anawerenga kalatayo kawiri. Anavula magalasi. Ndinaona mapewa ake akuyamba kugwedezeka, kenaka anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuseka kuseka kopanda mawu, kuja kumapweteka m'mimba. Atapeza mpweya anati, "Hayi, baba. Vati, osati fatenisiti. Ndi msonkho. Msonkho wa pa katundu."

Anawafotokozera bwinobwino, pang'onopang'ono, akupukuta maso. Anati fakitale imafunsa kuti idziwe ngati invoisi ya munthu izibwera ndi msonkhowo kapena ayi. Wolembetsa amaika nambala yake pa invoisi n'kuwonjezera msonkho, ndipo fakitale imakauchotsera pa wake. Wosalembetsa saloledwa kuwonjezera kalikonse, akatero ndi mlandu. Anafunsa kuti pa chaka amapeza zingati, bambo anatchula, mayiyo anati akadali kutali ndi mlingo, koma bizinezi ikadzakula adzapite ku ofesi ya msonkho, osati kwa abusa. Anatenga fomu yatsopano, anachonga yekha pa ayi, n'kuwalozera posayina.

"Ndiye kuti ukwati simukuufuna?" anafunsa bambo.

"Ine ndikufuna mashelefu, baba."

Apo mayiyo anatembenukira kwa ine kuti tisekere limodzi, n'kupeza kuti ine sindikuseka, ndiponso sindikudabwa. Anandiyang'ana kanthawi. Mkazi mnzako sungamubisire. Kuseka kunatha pa nkhope yake, anavalanso magalasi, n'kuyamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. Bambo ndi wochedwa kumva Chingerezi, koma maso ali nawo. Anaona mmene tinayang'anirana.

Tinatuluka. Tinayenda mpaka kupitirira geti, kupitirira mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, kufika pamene pamaima matakisi. Pamenepo anaima, osandiyang'ana.

"Kuntchito kwanu kuja amalemba za misonkho," anatero.

"Eya."

"Munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munabwera ndi fomu."

Anagwedeza mutu pang'ono. "Ndamugwira paphewa mkulu wa mpingo. Ndakangana ndi mwana wa eni mu sitolo. Ndaima pamaso pa mayi uja ngati chitsiru, inu muli pambali panga mutavala chitenje chatsopano."

Ndikanatha kupepesa. Mawu opepesa ndinali nawo, ndinawakonza masabata atatu. Koma chimene chinatuluka ndi china. Ndinawauza kuti iwo aima ngati chitsiru mphindi khumi, ine ndakhala ngati chitsiru zaka khumi ndi chimodzi, ndipo palibe amene anandipatsa fomu yatsopano. Ndinanena mokweza, anthu a pa siteji anatembenuka. Takisi inabwera, tinakwera, iwo kutsogolo ine kumbuyo.

Sabata imeneyo sanandilankhule. Sanakalipe, sanagone kwina, chakudya ankadya. Ankadzuka m'mamawa kukadula zitsulo za mashelefu, n'kulowa m'nyumba dzuwa litalowa. Za Lamulungu sanatchule, inenso sindinafunse. Amayi a mpingo ankandiimbira kufunsa za keke, ine ndinkangoti konzani. Diresi ndinali nditabwereka, linapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo nthawi iliyonse bambo akatsegula chitseko linkagwedezeka. Ndinkaopa. Munthu amene wadziwa kuti palibe womukakamiza akhoza kuchita chilichonse, ndipo sindikanamudandaula kwa aliyense, pakuti msampha ndinatchera ndine, kapena tinene kuti ndinauona n'kuusiya.

Lachisanu anapita okha kwa akulu a mpingo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa mpaka lero, koma mastandi anandiuza kuti anawaona akubwerera akuyenda ngati munthu wotula katundu. Loweruka anagwira ntchito tsiku lonse.

Lamulungu ndinadzuka, ndinasamba, ndinakhala pa bedi nditavala chitenje wamba. Ndinatsimikiza kuti diresi sindiligwira. Bambo anali panja. Ndinamva madzi akukhuthulidwa, kenaka phokoso la bulashi pa nsapato, nthawi yaitali, ngati akupukuta nsapato za mudzi wonse. Analowa atavala jekete. Anayang'ana ine, anayang'ana chitseko.

"Mupita choncho?" anafunsa.

Amenewo anali mawu awo oyamba m'masiku asanu ndi limodzi. Ndinaimirira. Ndikanakhala wanzeru ndikanavala msanga n'kutseka pakamwa. Koma ine ndine uja wofuna kusuzumira pansi pa mphika.

"Ndifunse chinthu chimodzi," ndinatero. "Pakanapanda fomu ija, mukanandikwatira?"

Sanatuluke panja. Anakhala pa mpando, anaika manja pa mawondo, n'kuganiza moona mtima, monga amachitira poyeza chitsulo asanadule. Ndinkamva ana a mastandi akukangana za madzi osamba.

"Ayi," anatero. "Sindikanatero. Osati chifukwa chosakufunani. Ndinkangoona ngati mulipo kale."

Zinandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinkafuna bodza, bodza laling'ono lokha, ndipo munthu ameneyu analibe. Ndinalira nditaimirira pakati pa chipinda. Iwo anadikira osandigwira, mpaka nditamaliza. Kenaka anaimirira, anatsitsa diresi kuseri kwa chitseko, n'kuligwira m'mwamba ndi manja awo a zipsera kuti lisakhudze pansi.

"Lero ndikudziwa kumene ndikupita," anatero. "Valani, mayi, abusa akudikira."